Ndolo Yachitatu

Ndagi. Mukati gize, ndiponye. Adadwala awiri, mankhwala adamwa mmodzi, koma wochira adali winayo. Musathamange kuyankha, yankho lake lili kumchira.

Padangokhala, inu muli apo ine ndili pano, tili tonse. Kale mitu ya abuluzi isanasiyane mitundu, mtsikana aliyense wa fuko limeneli ankavala ndolo ziwiri, ina kuno ina uko. Mukamuyang'anitsitsa buluzi lero muona timabowo tiwiri m'mbali mwa mutu wake. M'menemo ndi momwe munkakhala ndolozo. Sizidali zongokongoletsa ayi. Zikakhala ziwiri, mwini wake ankakhala mtima uli m'malo, khungu lotuwa bwino ngati mwala. Koma imodzi ikangochoka, mutu unkabiriwira nthawi yomweyo ngati kumwamba kopanda mtambo, ndipo khutu lopanda kanthulo linkayabwa kuyabwa kosakhazika munthu pansi.

Padali atsikana awiri a bere limodzi, Gulo ndi mng'ono wake Nalimata. Gulo sankakhulupirira chinthu asanachione kawiri. Nalimata yekha adali wa nyimbo, ankati akaimba ngakhale nyerere zinkaima pamzere. Onse awiri adali ku chinamwali pamodzi ndi anzawo ambiri, ndipo namkungwi wawo adali Ng'azi.

Tsiku lina anamwali akuothera dzuwa pathanthwe, Khwangwala, mbala ya zonyezimira, adatsika n'kudutsa mzere wonse, tsomphu, tsomphu, kwa aliyense ndolo imodzi. Pomwe ankati atukule mitu, iye adali atapita kalekale.

Palibe adalira. Adangoyang'anana kukamwa kuli yasa.

"Achemwali, mutu wanu," adatero Nalimata.

"Usaone wanga. Wako ukuposa."

Ng'azi adafika akukoka mimba, lilime likutuluka n'kubwerera. Adaiyang'ana mitu yobiriwirayo mpaka kumapeto kwa mzere, kenako adati, "Wodwala sasiyidwa yekha, umenewo ndiye mwambo. Mulowe m'tsimba muthithikane. Ndaitana asing'anga."

Asing'angawo adali Nkhupakupa ndi abale ake. Adali tianthu taphwatalala, maso osaona bwino, oyenda ndi fungo. Aliyense adaluma kaulusi kamodzi, ndipo kunsonga zake ziwiri kunkalendewera ndolo ziwiri zatsopano. Ankabwera akuimba. Nyimbo yake idali yapansipansi ngati yogonekera mwana. Inkafunsa komwe kuli bowo lopanda mwini, n'kulonjeza kuti amene watsala ndi chimodzi alandira ziwiri, ndipo amene walandira sadzayendanso yekha. Pamene imathera mawu ankakokeka ngati uchi, moti anamwali adayamba kuvomereza asanadziwe kuti akuvomereza.

Gulo adagwada pamaso pa Ng'azi. "Anamkungwi, ife tataya imodzi imodzi. Nanga bwanji awa abweretsa ziwiri ziwiri?"

"Wopatsidwa sawerenga, mwana iwe. Ukagwade, ulandire ndi manja awiri monga ndidakuphunzitsa."

Tsimbalo lidali laling'ono, onse sakadakwanamo. Gulo adamukoka Nalimata mchira. "Alowe anzathu kaye. Ulemu."

Gulu loyamba lidalowa, chitseko n'kutsekedwa. Munthu asanathe kutafuna mfundo ya nzimbe nyimbo idaleka, chitseko chidatseguka, ndipo mudalibenso mutu wobiriwira ngakhale umodzi. Theka la anamwaliwo lidatuluka likuvina, ndolo ziwiri ziwiri zikugwedera. Ng'azi adayamba kululuta, koma nthungululu idathera panjira. Theka linalo linkatuluka pambuyo, mitu yotuwa ndithu, koma aliyense ali ndi nkhupakupa pankhongo, ulusi utalowa khutu ili n'kutulukira linalo ngati chingwe cha ng'ombe yapangolo.

"Kumanzere," inkatero nkhupakupa, namwali n'kukhotera kumanzere. "Ima." Namwali n'kuima.

"Asing'anga," adatero Ng'azi, "ana awa muwatsika liti?"

"Kutsika? Ndolo ndi zathu, makutu ndi awo. Ukwati umatha ngati?"

Ng'azi adawerenga ovina, adawerenga omangidwa, ndipo adapeza nzeru yomwe idamukomera iye mwini. "Theka lachira. Ndiye kuti mankhwala ndi abwino. Enawa sadagwade bwino, ndi amwano. Gulu lachiwiri lilowe, ndipo muthithikane kuposa anzanu, mapewa agundane."

"Ine m'mimba mwandipota," adatero Gulo. "Nalimata, ndiperekeze kuseri."

Atafika kuseri adamusiya mng'ono wake pansi, iye n'kukwera padenga la tsimba, n'kupatula udzu, n'kusuzumira.

Nyimbo ija idayambanso, yofunsa za bowo lopanda mwini. Pansi pake penipeni padagwada Nanzikambe ndi Buluzi, mabwenzi ogawana ngakhale chiwala chimodzi. Nkhupakupa ina idakwera Nanzikambe. Iye adatambasula manja onse awiri mwaulemu, maso pansi. Ndolo yatsopano idalowa m'khutu lopanda kanthu lija. Inzake idalowa m'khutu linalo n'kukankha ndolo yakale, yakaleyo n'kutuluka, n'kumalendewera pa kachikopa. Makutu awiri, ndolo zitatu. Nkhupakupa idangoti phee, ulusi uli lende, osamanga.

Ndipo Gulo adaona dzanja la Buluzi likutuluka m'mbali, Buluziyo maso ali pansi ngati sakudziwa. Lidathyola ndolo yolendewerayo n'kuilowetsa m'khutu lake lomwe. Mutu wa Buluzi udatuwa pomwepo. Ulusi wa pa Nanzikambe udati ngwi, mfundo yamanga.

Gulo adayang'ana uku, adaona dzanja lina. Adayang'ana uko, dzanja linanso. Tsimba lonse lidali manja, ndipo ogwada sakadateteza kanthu chifukwa manja awo onse awiri adali otambasula polandira. Ulendo uno zidatha msanga kuposa poyamba, nyimbo isanafike n'komwe pokokeka paja. Nanzikambe adatuluka akuponda kutsogolo, kubwerera, kutsogolo, kubwerera, ulusi ukumukoka, ndipo mpaka lero ndimo amayendera.

Gulo adatsika n'kubwerera kwa mng'ono wake.

"Mwaona chiyani, achemwali?"

"Ndaona kamodzi. Khala pomwepo, usasunthe, usayandikire munthu."

Gulo adathamangira pamwala wakutali n'kukhala yekhayekha. Posakhalitsa Nkhupakupa mwini wake, mkulu wa asing'anga, adamva fungo la khutu lopanda kanthu n'kufika akuimba. Gulo adagwada, adalandira ndi manja awiri. Ziwiri zidalowa, yakale idatuluka n'kulendewera. Adadikira. Ulusi sudamange. Adagwedeza mutu mwamphamvu, Nkhupakupa uyo gwa chagada, ndolo zake zili kukamwa. Gulo adabwezera yake m'malo.

Nkhupakupa adakweranso. Adagwanso. Adakweranso, nyimbo ikuyamba kusasa. Dzuwa lidasuntha, mthunzi wa mwala udatembenuka, mutu wa Gulo uli chibiriwirire.

"Mwana iwe," adatero Nkhupakupa akupuma mwawefuwefu, "ulibe mnzako? Si bwino mtsikana wodwala kukhala yekha. Kaitaneko mng'ono wako."

"Mng'ono wanga achita chiyani, agogo? Sing'anga ndinu. Kapena ulusi wanu wafumbwa?"

"Ulusi wanga sufumbwa."

"Ndiye ukulephereranji? Anthu amati mfundo yanu ngakhale njovu singamasule. Kapena ankanena achimwene anu aja?"

Nkhupakupa adafufuma ndi mkwiyo. "Achimwene anga adaphunzira kwa ine. Ulusi sumanga yakale ikadali polendewera, basi. Pafunika wina aichotsepo. Ine manja anga ndi aafupi."

"Ooh. Ndiye amaichotsa ndani?"

"Wakhutu loyabwa mnzako, ndaninso? Mukachuluka malo amodzi ntchito imayenda yokha. Koma wokoma kwenikweni ndi wopanda zonse ziwiri. Ameneyo sindifuna wothandiza, ndimangolowa n'kumanga, asanaphethire."

"Zikomo agogo," adatero Gulo, n'kumugwetsanso.

Adapeza Ng'azi akusonkhanitsa gulu lachitatu. Gulo sadagwade. Adanena zonse ali chiimire, pamaso pa ochira ndi omangidwa omwe. Atatha, adaloza khutu la Buluzi.

"Ndolo yakoyo ili ndi kadontho kofiira. Ya ndani?"

Buluzi adaigwira. Adayang'ana Nanzikambe, Nanzikambe diso limodzi lili kwa iye, lina kumwamba.

"Dzanja lidangopita lokha," adatero Buluzi motsitsa. "Ine ndimati ndi mankhwala."

Ochira onse adagwira makutu awo. Kuvina kudatha. Lilime la Ng'azi lidatuluka osabwereranso, ndipo pomwe adayankhula mawu ake adali a munthu wokalamba mwadzidzidzi.

"Ndidawauza ndine kuti athithikane. Ndidawauza ndine za manja awiri." Adatembenukira otsalawo. "Balalikani. Aliyense mtengo wake. Wobiriwira asayandikire wobiriwira mnzake, ngakhale akhale wa bere limodzi."

Adabalalika. Ndipo zidathandizadi, nkhupakupa zinkakwera n'kugwa, kukwera n'kugwa, mitu ili chibiriwirire. Koma Nalimata sadabadwire kukhala yekha. Nyimbo yopanda wovomereza idamufera m'kamwa. Adaleka kudya. Gulo ankamuona patali, kamutu kobiriwira kali zyoli pa nthambi, ndipo tsiku lina adangomva kukhwekhwereza kumbuyo kwake.

"Bwerera, Nalimata."

"Ndingokhala pang'ono, achemwali. Sindikugundani."

Adakhala. Adaseka za mimba ya Ng'azi, adaseka za Nkhupakupa wogwa chagada. Chifukwa cha kusekako sadamve nyimbo yapansipansi ikukwera tsinde. Pomwe Gulo ankacheuka, nkhupakupa idali kale pankhongo pa Nalimata, ndipo Nalimata, mwana woleredwa bwino, adali atatambasula manja onse awiri. Ndolo yake yakale idalendewera, ikunyezimira, pafupi kwambiri.

Khutu la Gulo lidayabwa ngati mwalowa moto.

"Achemwali," adatero Nalimata, "dzanja lanu."

Gulo adayang'ana. Dzanja lake lidali m'malere, zala zitatambasuka, patangotsala mpata wa tsitsi limodzi. Sadalitume. Adaliluma mpaka magazi, n'kukuwa ndi mano ali m'mnofu kuti, "Gwedeza mutu." Nalimata adagwedeza, nkhupakupa idagwa.

Adatalikirana, wina kuno kwa nthambi wina uko.

"Mukadangotenga," adatero Nalimata. "Mmodzi mwa ife akadachira. Ine za mtengo wandekha zandikwana. Mawa ndikakhala pafupi ndi aliyense amene ndimupeze, zichitike zochitikazo."

"Pali phula la njuchi. Tikamata bowolo nkhupakupa sizingalipeze."

"Phula likalowa m'khutu silituluka, mukudziwa. Ndikhale osamva ng'oma? Bola chingwe."

Gulo adamuyang'ana mng'ono wake ndipo adadziwa kuti sakuseka. Adaganiza, adaganiza, akunyambita dzanja lolumidwalo. Kenako adaseka kaphwete.

"Mawa ubwere dzuwa likatentha. Agogo aja amafuna makutu, tiwapatsa makutu."

M'mawa mwake Gulo adathyola munga wa mthethe n'kuboola mchira wake pawiri, uku ndi uku, pafupi ndi tsinde lake. Adavula ndolo yake imodzi ija n'kuiveka kumchira. Kenako adapita kuphanga la njuchi, adatenga phula, adaliviviniza m'dothi mpaka lidaoneka ngati matope.

Nalimata atafika adadabwa. "Mchira wavala ndolo?"

"Mvetsera. Ine ndimata makutu ndi matopewa kuti fungo lichokere kumchira kokha. Agogo akakwera n'kulowetsa zawo, yanga ilendewera. Iwe uithyole, uvale."

"Ayi, achemwali. Ndikhale ngati Buluzi?"

"Buluzi adaba. Iwe ndikukupatsa, ndipo wopatsidwa sawerenga. Chingwe chimanga mchira, osati ine."

"Nanga inu mutsala ndi chiyani?"

"Za agogozo, ziwiri zatsopano. Ndikazitola pambuyo. Wachepa nazo iwe, usandifunse zambiri."

"Matopewo adzachoka?"

"Mvula yoyamba. Akakufunsa kanthu agogo uyankhe ndiwe, m'mawu anga, paja umatha kunditsanzira ukamandinena kwa anzako. Koma ndisanamate, tandiimbira kaye ija ya kumtsinje."

Nalimata adaimba. Idali nyimbo yawo ya paubwana, yofulumira, ya ana awiri otumidwa madzi amene adabwera ndi mtsuko wodzaza achule. Gulo adavomereza ndime zonse, ngakhale ija ankaidana nayo. Itatha adati, "Bwerezanso pothera." Nalimata adabwereza. Gulo adatenga phula lija n'kumata khutu lakumanzere, n'kumata lakumanja, dziko lonse n'kuti zii.

Adalowetsa thupi m'mng'alu wa khungwa, mchira wokha uli panja. Nalimata adaitana m'mawu a mkulu wake.

"Agogo, ndatopa nako kuyabwa. Bwerani, mng'ono wanga ali pompano."

Nkhupakupa adabwera mothamanga, nyimbo ya bowo lopanda mwini ikudumphadumpha ndi chimwemwe. Adakwera tsinde, adanunkhiza, adafika pamchira, adaupapasa.

"Mutu wako waonda bwanji, mwana iwe?"

"Ndi maganizo, agogo."

"Watalikanso."

"Ndi kusuzumira njira, kudikira inu."

"Nanga pakamwa pali kuti? Mawu akuchokera kumbali."

Nalimata adati, "Ndayang'ana kumbali, agogo. Mkwati sayang'anidwa m'maso."

Nkhupakupa adaseka mpaka ndolo zidalira. Adalowetsa yoyamba, adalowetsa yachiwiri, ya Gulo idatuluka n'kulendewera. Nalimata adaithyola ndi manja onse awiri. Itangolowa m'khutu lake kuyabwa kudaleka, mutu udatuwa mpaka kuyera. Ulusi udati ngwi.

"Wanga," adatero Nkhupakupa. "Kumanzere."

Gulo adamva kukoka kwa ulusi m'fupa. Adakanikiza mchira pamphepete pa khungwa, pomwe munga udafooketsa paja, adapotoka ndi mphamvu zake zonse. Thyo. Mchira udagwa pansi, Nkhupakupa ali pomwepo. Udayamba kuphiriphitha wokha m'fumbi, uku ndi uku.

"Kumanzere ndati. Ima. Iwe mwana, ima."

Mchira ulibe makutu enieni, udangovinabe, ndolo ziwiri zatsopano zikung'anima padzuwa. Ndipo amene amaona zong'anima ali kutali mukumudziwa. Khwangwala adatsika kamodzi kokha. Mchira, ulusi, ndolo, sing'anga, zonse zidapita kumwamba, nyimbo ija ikumveka pang'ono mpaka idazilala.

Nalimata adaima maso ali kumwamba. "Achemwali, ndolo zanu zija zapita."

Gulo adatuluka m'mng'alu, wopanda mchira, mutu utabiriwira kuposa kale, kubiriwira kofika mpaka m'mapewa. Adaona pakamwa pa mng'ono wake pakuyenda. Adamwetulira, adagwedeza mutu.

"Mwamva? Ndati zapita. Mutsala ndi chiyani?"

Gulo adagwedezanso mutu.

Nkhani ya mchira idamveka mitengo yonse, ndipo kuyambira pamenepo buluzi aliyense akagwidwa amasiya mchira m'manja mwa womugwira. Nkhupakupa zotsala zidachita manyazi, zidasamukira kwa ng'ombe ndi agalu. Koma zina zinkabwerabe kudzanunkhiza mtengo wa Gulo, poti wopanda zonse ziwiri ndiye wokoma. Zinkazungulira mutu wake, osapeza polowera, n'kubwerera.

Mvula yoyamba idagwa. Nalimata adamukokera mkulu wake panja, adamuimika pamvula, adatsuka makutuwo ndi manja ake. Dothi lidachoka. Pansi pake padatsala chinthu chachikasu, cholimba, chonunkhira uchi. Nalimata adachikanda ndi chikhadabo. Adachinunkhiza. Adakhala pansi m'matope momwemo, mvula ikumumenya. Gulo adakhala pambali pake, mapewa n'kugundana, ndipo dzanja la aliyense lidakhala pamalo pake.

Ndagi ija ndi imeneyo. Adamwa mankhwala ndi Gulo, wochira Nalimata.

Mchira udaphukanso, koma mutu sudatuwe. Nalimata adakula, adakwatiwa, adakakhala m'zipupa za nyumba za anthu, woyera mbuu, ndipo mukamumva akuti tche tche tche ndiye kuti akuyesa mawu. Dzuwa likatentha ankatuluka ndi ana ake kupita patsinde pa mtengo wa mkulu wake, n'kuimba ija ya mtsuko wa achule kuyambira poyamba mpaka pothera, pothera n'kubwereza. Gulo ankatsika mpaka pakati pa tsinde, n'kumagwedeza mutu wake wobiriwirawo, mmwamba, pansi, mmwamba, pansi, nthawi zina molingana ndi nyimbo, nthawi zina ayi.

Tsiku lina kamwana kotsiriza ka Nalimata kadaleka kuvomereza pakati pa nyimbo. Kadayang'ana pamtengo, kadayang'ana amake, kadakoka ndolo yawo ija yosafanana ndi inzake.

"Amayi, amayi aakuluwa akamagwedeza mutu chonchi, ndiye kuti akumva?"